Tifunseni: Mlongo wanga ndi payiloti ku America koma akulephera kubwera kuchinkhoswe

Akonzi,

Ndine mphunzitsi kuno ku Dedza, mayi wa ana anayi. Mlongo wanga, chitsirizira m'mimba mwathu, anapita ku America kusukulu kalekale ndipo pano ndi payiloti, ichi ndi chaka chake chachiwiri pa kampani ina yaikulu kumeneko. Mwana wanga woyamba chinkhoswe chake chili pa 27 December ndipo malume ake enieni ndi iyeyo basi, alongo anga ena awiri anatisiya. Tinamuuza mu August anati ayesetsa. Pakati pa November akuti bid sinayende bwino amuika pa ntchito masiku omwewo, kenako akuti ndapeza mnzanga woti tisinthane koma swap ikadali pending, ife kudikira masiku anayi, mapeto ake akuti yakanidwa. Kumudzi anthu ayamba kale kulankhula, akuti watchona, ena akuti ndalama zamulowa m'mutu, ena akuloza chala alamu athu. Ineyo ndikakhala ndi vuto ndimangolowa mu ofesi ya a hedi nkufotokoza, mnzanga nkundigwirira kalasi. Nanga munthu woti ndegeyo amayendetsa yekha angalephere bwanji kukwera ndege kubwera kwawo? Kodi akutinamiza?

Mlongo wokhumudwa, Dedza

Achemwali,

Poyamba alamu anuwo achotseni m'nkhaniyi, alibe mlandu. Sindingalumbirire mtima wa mlongo wanu chifukwa sindimudziwa, koma zimene wakuuzanizo zikugwirizana ndendende ndi mmene ntchito imeneyi imayendera ku America, moti munthu wa chaka chachiwiri akanapeza ofu ya Khrisimasi ndi pomwe ine ndikanadabwa.

Kumeneko kulibe a hedi oti ukawalirire. Tsiku lomwe walembedwa ntchito amakupatsa nambala pa lisiti, amati seniority, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe imalamula moyo wako wonse pakampanipo, ndege yomwe uziyendetsa, mzinda womwe uziyambira ntchito, liti udzakhale kaputeni, holide, ngakhale Loweruka lenilenili. Zili ngati mzere wa ndowa pamjigo nthawi ya chilimwe. Olo mwana akulira kumsana, olo ndiwo zikupserera pamoto, amene anaika ndowa yake 4 koloko m'bandakucha ayamba ndi iyeyo, ndipo ndowa yako imasuntha pokhapokha wakutsogolo akatunga nkuchoka. Pa ndege kuchokako ndi kupuma ntchito, ndipo lamulo lawo limati payiloti wa makampani aakuluwa apume akakwana zaka 65. Ndiye ganizirani, kampani ngati American Airlines ili ndi mapayiloti oposa 15,000, munthu wa zaka ziwiri pantchito ndowa yake ili kuseri kwa chulu uko.

Bid yomwe akunenayo ndi iyi. Mwezi uliwonse kampani imatulutsa maulendo a mwezi wotsatira, ena a tsiku limodzi ena a masiku atatu kapena anayi ogona kuhotela m'mizinda yosiyanasiyana. Aliyense amalowa pa kompyuta nkulemba zofuna zake, ine ndikufuna ofu kuyambira pa 23 mpaka pa 30, sindikufuna zonyamuka usiku, chakutichakuti. Kompyutayo sidziwa zoti kuli chinkhoswe ku Dedza. Imayamba ndi nambala wani kumupatsa zomwe wapempha, kubwera wachiwiri, kumatsika choncho, pofika pansi zotsala ndi makoko okhaokha, maulendo a pa 24, pa 25, pa 31. Ndipo December aliyense amafuna masiku omwe inu mukufunawo.

Apansi penipeni sapatsidwa nkomwe maulendo, amaikidwa pa reserve, kutanthauza kuti uli pa ntchito koma sukudziwa ukupita kuti. Yunifomu yasitidwa ili pa hang'ala, chikwama chili pakhomo chopakira kale, foni ili pambali pa mbale ukudya, ikangolira ena amapatsidwa maola awiri kapena atatu okha kuti akhale atafika pa eyapoti. Mowa osakhudza, kupita kutali ayi. Amene nyumba yawo ili mzinda wina amachita lendi bedi m'nyumba yapafupi ndi eyapoti, mabedi osanjikiza ngati hositelo ya ku sekondale, anthu akuluakulu ndevu pepeya kulimbirana bafa limodzi. Zithunzi za mu yunifomu zomwe amaponya pa gulupu ya banja zija sizionetsa zimenezi.

Tsono pa swap ndi pomwe ndikufuna mumvetse chifukwa ndi pomwe mitima ya anthu ambiri a ntchitoyi imawawira. Inu ndi mnzanu mukagwirizana zogwirirana kalasi nkhani yatha. Iwo kugwirizana awiri ndi chiyambi chabe, pempholo liyenera kudutsa mu sisitimu ndipo sisitimuyo imayang'ana zambirimbiri. Onse awiri akhale oyendetsa mtundu umodzi wa ndege komanso mpando umodzi, kaputeni sasinthana ndi wothandizira wake, wa Boeing 737 sangatenge ulendo wa Airbus A320. Kenako malamulo a boma a kupuma. Mu February 2009 ndege ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku America nkupha anthu 50, ndipo nkhani ya kutopa kwa mapayiloti inakambidwa kwambiri ngoziyi itachitika, ndiye kuyambira January 2014 pali malamulo okhwima. Munthu apume maola 10 asanayambe ntchito ndipo 8 mwa amenewa akhale oti atha kugona, asauluke maola oposa 100 m'masiku 28 kapena 1,000 pachaka, ndipo sabata iliyonse akhale ndi maola 30 otsatizana opanda ntchito. Mnzake uja atha kukhala ndi mtima wabwino koma ngati kutenga ulendowo kukumudumphitsa malire ndi mphindi khumi zokha kompyuta ikana.

Ndiye pali chinanso, chomwe ndikukayikira kuti ndi chomwe chagwetsa mlongo wanu. Kampani imafuna kuti tsiku lililonse pakhale anthu okwanira a reserve, oti wina akadwala kapena chipale chofewa chikasokoneza ndege alowepo. Ngati kusinthako kukusiya ulendo wina wopanda mwini pa tsiku lomwe a reserve ndi ochepa, pempho limakanidwa, ndipo masiku a Khrisimasi amakhala otsekeka pafupifupi onse. Pending ija nthawi zina ndi kudikira ola lomwe sisitimu imaunika mapempho, nthawi zina ndi kudikira munthu wa mu ofesi ya ma schedule amene manja ake ali pa moto wa lero, ndege zomwe zikusowa anthu panopa, zako za pa 27 aziona akapeza mpata. Munthu umangotsegula foni kuyang'ana, kutseka, kutsegulanso, tikiti yopita kumudzi ikukwera mtengo uku ukuona.

Makampaniwa ali ndi chifukwa chogwirira chitseko chimenechi mwamphamvu. Kumapeto kwa 2017 kompyuta ya American Airlines inalakwitsa nkuvomera pafupifupi aliyense amene anapempha kusiya maulendo a nyengo ya Khrisimasi, bungwe la mapayiloti linati maulendo pafupifupi 15,000 anatsala osakwanira oyendetsa, kampani mpaka kuyamba kunyengerera anthu ndi malipiro owonjezera theka kuti abwerere. Mu July 2022 zinachitikanso pakampani yomweyo, maulendo oposa 12,000, nthawi imeneyi anagwirizana malipiro ochulukitsa katatu. Nkhaniyi imandiseketsa chifukwa ikuonetsa poyera kuti chitseko chitangotseguka pang'ono aliyense anathawira kwawo, si mlongo wanu yekha amene ali ndi abale.

Za kukwera ndege mwaulere, eya amakwera motchipa kwambiri koma pokhapokha mpando ukatsala onse olipira atalowa. December ndege zobwera ku Africa zimadzadza thothotho. Palibenso ndege yochoka ku America kutera pa KIA kapena pa Chileka, ayenera kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, masiku awiri pobwera awiri pobwerera, kuphatikiza msewu wa ku Dedza ndi mwambo weniweniwo ndiye kuti akufunika sabata yathunthu, osati ofu ya masiku atatu. Akakanirira pa Addis mpando osapezeka nkujomba ulendo wake wa ntchito, umenewo ndi mlandu waukulu. Wina kumudziko anena kuti bwanji osangonama kuti wadwala. Musamukakamize zimenezo chonde, munthu wodwala amene dzina lake likuoneka pa ndege yopita ku Africa, pa tikiti ya kampani yomweyo, akusewera ndi ntchito.

Koma sindimutsuka yense ayi. Pomwe walakwa mlongo wanu ndi mawu aja oti ndiyesetsa. Iye amadziwa nambala yake, amadziwanso kuti m'makampani ambiri holide ya chaka chino imasankhidwa chaka chatha, nayonso motsata lisiti yomweyo, ndiye mu August muja anali akudziwa kuti mwayi ndi wochepa zedi. Akananena mosabisa kuti achemwali December sizitheka, tiyeni tione February kapena October, mukanakambirana ndi akuchimuna nthawi ilipo. Anaopa kukukhumudwitsani tsiku limodzi, wakukhumudwitsani miyezi inayi. Izi mumuuze, ndinu wamkulu.

Pano poti makhadi anatuluka kale, khalani pansi ndi akuluakulu a kubanja mupeze woimirira, kaya ndi msuweni kaya malume anu aang'ono ngati alipo, ndipo mlongo wanuyo awaimbire yekha kuwapempha, asatume inu. Aimbirenso ankhoswe akuchimuna kupepesa ndi pakamwa pake. Unkhoswe si wa tsiku limodzi, ntchito yeniyeni imabwera anawo akayamba kukokana m'nyumba, ndiye woimirirayo akhale munthu woti ali pafupi. Ndipo tsiku la ukwati musalilengeze musanamufunse iye kuti ndi masabata ati omwe wapeza holide.

*

Akonzi,

Ndimawerenga tsamba lanu ndili kuno ku Indiana, ku America. Amuna anga ndi payiloti pa kampani ina yaing'ono, izi zonyamula anthu kuchoka m'matauni kupita ku ma eyapoti akuluakulu. Kontrakiti yawo akuti inafika poti ikonzedwe zaka ziwiri zapitazo koma mpaka lero zokambirana basi. Mwezi ndi mwezi yuniyoni ikudula ndalama pa malipiro, iwo tsiku la ofu kuvala yunifomu kupita kukaima pa eyapoti ndi chikwangwani, kubwerako palibe chasintha. Mwezi watha anawawonjezera tsiku pa ulendo mosatsata kontrakiti, birthday ya mwana osapezekapo, anakadandaula akuti nkhaniyo idzamvedwa mtsogolo. Kwathu aphunzitsi akakwiya amangotseka makalasi. Awawa akuopa chani kuchita sitalaka? Kapena yuniyoniyo inadyetsedwa chibanzi?

Mayi wa ana awiri, Indiana

Mayi,

Za chibanzi sindingayankhe pa anthu omwe sindikuwadziwa, koma kuchedwako kuli ndi gwero lake lomwe ndi lamulo lakale kuposa agogo anu. Mu 1926 dziko la America linapanga lamulo lotchedwa Railway Labor Act pofuna kuti sitima zapamtunda zisamaime chifukwa cha masitalaka, ndipo mu 1936 anaikamonso a ndege. Pansi pa lamuloli kontrakiti siitha. Tsiku lomwe amuna anu akunenalo ndi longotsegulira zokambirana, yakaleyo imapitirira kugwira ntchito mpaka yatsopano idzasainidwe, olo zitatenga zaka zisanu. Ndiye muone amene akupindula ndi kuchedwa, mwezi uliwonse womwe wadutsa kampani ikulipira mitengo yakale pamene zinthu m'sitolo zikukwera.

Kuti afike pa sitalaka njira yake ndi yaitali. Akalephera kumvana paokha amapita ku bungwe la boma lotchedwa National Mediation Board, ndipo bungweli litha kuwasunga patebulo nthawi yomwe likufuna, palibe malire. Likadzavomereza kuti zakanikadi pamakhala masiku 30 oti mitima izizire. Akatha amenewo pulezidenti athanso kulowererapo nkukhazikitsa komiti yake, sitalaka nkuimitsidwa kwa miyezi ina iwiri. Mu February 1997 mapayiloti a American Airlines ananyanyala pakati pa usiku, patangodutsa mphindi zowerengeka pulezidenti Bill Clinton anawabweza ku ntchito. Mu 2010 a Spirit Airlines anakwanitsa kunyanyala masiku asanu mu June, ndipo zoterezi ndi zosowa kwambiri moti mpaka lero anthu amatchulabe imeneyo.

Zozembera nazo zimaluma. Mu 1999 mapayiloti a American omwewo anayamba kudwala onse nthawi imodzi, mukudziwa kudwala kwake, khoti linawalamula kuti abwerere, atachedwa jaji analipiritsa yuniyoni yawo ndalama zoposa madola 45 miliyoni. Kuyambira pamenepo atsogoleri a mayuniyoni amachenjera kwambiri, ngakhale kulemba pa WhatsApp kuti anyamata tiyeni tonse tikane ovataimu kutha kukathera kukhoti. Chotsala ndi chikwangwani chomwe mukuchisekacho, ndi voti yololeza sitalaka yomwe ili ngati kunola chikwanje pakhonde mnzako akuona. Mapayiloti a kampani ya Delta mu October 2022 anavota 99 peresenti kuloleza sitalaka, sananyanyale, koma pofika March 2023 anali ndi kontrakiti yokweza malipiro ndi 34 peresenti pang'onopang'ono m'zaka zingapo, zokambirana zake zinayamba 2019.

Nkhani ya tsiku lowonjezera ija ndi yowawa ndipo ndikumvetsani. Mwambo wa lamuloli ndi woti uluka kaye udandaule pambuyo. Akakutuma ulendo womwe iwe ukuona kuti ukuphwanya kontrakiti umapitabe, kupatula ngati zikuphwanya malamulo a chitetezo kapena watopa moti sungayendetse bwino, apo uli ndi ufulu wokana. Dandaulo limakwera masitepe, kwa bwana, kenako ku komiti ya mbali zonse ziwiri, mwina mpaka kwa woweruza wapadera, miyezi kapena chaka. Akapambana amapatsidwa ndalama kapena tsiku lina la ofu. Keke ya mwana ija palibe amene angaibweze. Komabe auzeni asasiye kulemba madandaulo, asunge ma screenshot, nthawi yomwe anaimbiridwa, dzina la ulendo, zonse, chifukwa kampani ikaona kuti anthu sadandaula chizolowezicho chimasanduka lamulo.

Pomwe ine ndili ndi mawu ndi yuniyoni ndi apa. Mamembala ake safuna zofanana. Kaputeni wa zaka 25 pantchito amasankha kale masiku omwe akufuna, swap sakuifuna kwenikweni, iye diso lili pa malipiro a pa ola ndi ndalama za penshoni. Wapansi ngati amuna anu chomwe chikumupweteka ndi reserve, masiku owonjezera mokakamiza, pempho lokhala pending mpaka tsiku kudutsa. Patebulo kampani ikati sankhani ndalama kapena malamulo a ma schedule, ndalama ndi yomwe imaoneka bwino pa pepala, zinazo zimagulitsidwa mwakachetechete, makamaka ngati apansiwo sabwera kumisonkhano. Ndiye funso loti muwafunse madzulo ano si loti sitalaka liti, afunseni ngati anayankha mafunso omwe yuniyoni imatumiza kufunsa zomwe mamembala akufuna, ngati amamudziwa woimirira wa pa base yawo, mzinda womwe amayambira ntchito uja, komanso ngati kontrakiti ikadzabwera adzawerenga chigawo cha ma schedule kapena adzangothamangira tsamba la malipiro. Voti yokana ilipo ndipo imagwira ntchito, mapayiloti a kampani ya United mu November 2022 anakana mgwirizano woyamba ndi 94 peresenti, chaka chotsatira anasaina wina wokweza malipiro mpaka pafupifupi 40 peresenti. Bungwe lalikulu la mapayiloti kumeneko, ALPA, lilipo kuyambira 1931 ndipo ndalama yomwe limadula ndi yosakwana 2 peresenti ya malipiro. Poti akudulidwa kale, bola azipita kukalankhula.

Inuyo kunyumba, birthday ya chaka chamawa muikonze bid ikatuluka, mwana wa zaka zochepa sawerenga kalendala. Ndikudziwa kuti si yankho lomwe mumafuna.

*

Akonzi, ine ndi mnyamata wa ku Area 25 ndimalota zodzayendetsa ndege. Ndimamva mapayiloti aku America akudandaula pa YouTube, bwanji osangosiya nkupita kampani ina kapena ku Emirates?

Achimwene, mjigo uja. Ukanyamula ndowa yako kupita mjigo wina umakayambira kumbuyo, seniority siyenda nawe. Kaputeni wa zaka 20 pantchito akasamukira kampani ina ya ku America amakakhala nambala yomaliza, mpando wa kumanja wa wothandizira kaputeni, malipiro a chaka choyamba, reserve, Khrisimasi kuntchito. Nchifukwa chake achinyamata a m'makampani aang'ono amathamangira kulowa kampani yaikulu msanga, kusiyana mwezi umodzi polembedwa kutha kukhala manambala mazana angapo pa lisiti kwa moyo wonse, koma amene akhazikika kale amangotukwana ali pompo. Ku Emirates, kampani ya ku Dubai, kulibe yuniyoni ya mapayiloti chifukwa malamulo a dziko la United Arab Emirates salola, ndiye zomwe mayi a ku Indiana akudandaula zoti dandaulo likuchedwa, kumeneko njira yoteroyo kudzera ku yuniyoni palibe. Inu panopa limbikirani masamu ndi physics, ndipo musanalipire kobiri kusukulu iliyonse ya ndege pitani kaye mukayezetse maso ndi mtima kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege, chifukwa popanda setifiketi yake ya zaumoyo yotchedwa Class 1 ntchito imeneyi simungalembedwe.